Dzanzi Limayambira Kuzala za Kumapazi

Kuno ku Chintheche mchenga wa kunyanja umawotcha masana, koma timaona ena odwala shuga akuuponda osamva kanthu. Mtsempha wonyamula mauthenga kuchokera kumsana kukafika kuchala cha phazi umatalika pafupifupi mita 1. Mphamvu zake zimachokera m'tizinthu totchedwa mitochondria, ndipo pali mapuloteni amtengatenga, a timiyendo tiwiri, omwe amayenda nato m'kati mwa mtsemphawo: kinesin amapita nato kuzala, dynein amabweza totha ntchito. Shuga akakwera kwa zaka, ulendowu umasokonekera, ndipo kumathero kwenikweniko n'kumene kumayamba kuvutika. Dzanzi likayamba, tikayezetse shuga kuchipatala. Madzulo alionse tiziyang'ana mapazi, mpaka pakati pa zala, poti munga wa nsomba ungalowe osaumva.