ALENDO A NYENGO YA CHIPERONI

Chiperoni chikayamba kuwomba kuno ku Bvumbwe, nkhungu n'kuphimba minda ya tiyi, timadziŵa kuti nyengo ya alendo yayandikira. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ife tikunjenjemera ndi chisanu, ku Ulaya ndi ku America kumakhala kukutentha, ndipo sukulu zawo zaukachenjede zimakhala zitatsekera. Pamenepo anyamata ndi asungwana ophunzira za chikhalidwe cha mitundu ya anthu, maphunziro amene pa Chingerezi amati anthropology, amatumizidwa ku maiko akutali kuti akazoloŵere kufunsa ndi kumvetsera. Ena mwa iwo amafika m'midzi yathu, kope kumanja, womasulira pambali. Akakhala masabata oŵerengeka, amatsanzika nakwera ndege.

Chaka china msungwana wotere anafika pakhomo panga, atatumizidwa ndi Abusa poti ine Chingerezi ndimachimvako. Anali mwana waulemu, wodziŵa kugwada popereka moni. Iye anafuna kucheza ndi amayi amene anagwirapo ntchito pa esiteti, choncho ndinapita naye kwa azakhali anga, amene anathyola tiyi kuyambira ali namwali kufikira msana utakana.

"Agogo, kodi moyo wa pa esiteti unali wotani?" anafunsa msungwanayo, ine ndikumasulira.

"Unali wabwino, mwanangu," anatero azakhali. "Tinkagwira ntchito, tinkalandira, tinkadya."

Mlendo analemba zonse mosamala, nathokoza. Atapita ndinafunsa kuti, "Azakhali, nanga bwanji simunamuuze za thangata, ndi za nyumba yanu ija inagwetsedwa?"

Iwo anandiyang'ana nati, "Inu aphunzitsi, mwana wa eni wabwera dzulo, maŵa apita. Ndimtulire mtolo wanga kuti akauike pati?"

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Azakhali sananame kwenikweni, koma anampatsa mlendo zimene timapatsa alendo: mpando wabwino, mbale yotsuka, ndi nkhani yosalala. Tsono nkhani yosalalayo inaoloka nyanja, ndipo mwina lero ili m'buku lina monga umboni wa m'mene anthu a ku Thyolo anali kukhalira.

Palinso vuto la nyengo. Wobwera m'Julayi amapeza chimanga chili m'nyumba, tiyi akudulira, misewu youma, mbatata ndi kabichi zili mbwee pa msika wa Bvumbwe. Saona Febuluwale, pamene ufa umatha m'dengu ndipo ana a m'kalasi langa amaodzera ndi njala. Saona amayi akuthyola tiyi pamvula, dengu kumsana, m'miyezi ija masamba amaphukira usiku ndi usana. Amene anafika m'Julayi wa 2023 anaona zipsera zokha za namondwe Freddy. Sanamve mkokomo wa madzi a m'Malichi. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Ofufuza akale ankadziŵa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Margaret Read, mayi wa ku England, anafika mu 1935 nakhala zaka zingapo pakati pa Angoni, kuphatikizapo a kwa Gomani, amene ali pa ubale ndi ufumu wa Bvumbwe. J. Clyde Mitchell anayendayenda m'midzi ya Ayao kuyambira 1946 mpaka 1949, buku lake n'kudzatuluka mu 1956. Koma amene amandigwira mtima ndi Megan Vaughan, yemwe mu 1987 anatulutsa buku lofotokoza njala ya 1949 m'boma la Blantyre, pafupi ndi ife pompano. Mayi ameneyu sanakhutire ndi makalata a boma okha. Anamvetseranso nyimbo zimene amayi ankaimba posinja. M'nyimbomo anapezamo zimene atsamunda sanazisamale kwenikweni: madandaulo a akazi amene amuna awo anapita kukafuna chakudya kwawo, osabweranso. Nkhani yotere siituluka pa funso loyamba. Imatuluka pamtondo, pamene anthu aiŵala kuti pali mlendo.

Sindikunena kuti alendo a masiku ano ndi oipa, iai. Ambiri ndi ana chabe, msinkhu wa ana athu, ndipo aphunzitsi awo ena anachizindikira chofooka chimenechi. Kuyambira mu 1998 a University of Pennsylvania akhala akuchita kafukufuku wa umoyo ndi mabanja ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi, ndipo ophunzira awo ambiri ankabwera m'nyengo yomweyi. Ataona kuti mayankho a papepala sakufanana ndi zimene anthu amakamba pa okha, anapempha achinyamata a m'midzimo, amene anafika ku sekondale, kuti azilemba m'makope zimene akumva zokhudza Edzi pa mjigo, pa maliro ndi m'minibasi. Makope mazanamazana analembedwa, ndipo akatswiri akhala akuŵaŵerenga ngati chuma. Wofufuza winanso, Crystal Biruk, mu 2018 analemba za sopo amene oyankha mafunso ankapatsidwa ngati mphatso, ndi m'mene anthu ena ankadandaulira kuti nthaŵi yawo ndi zinsinsi zawo zikusinthanitsidwa ndi kanthu kochepa chotere.

Taonani tsono, makolo anzanga: chimene akatswiri anasoŵa anakachipeza kwa ana a m'mudzi, okhala ndi kope ndi cholembera basi. Ana oterowo tili nawo m'nyumba zathu.

Mlendo akafika, tiyeni timlandire monga Akhristu. Komabe si mwano kumfunsa ngati waonekera kwa amfumu, ngati ali ndi chilolezo cha boma, ndiponso kumene mawu athu akupita. Munthu ali ndi ufulu wokana funso, wokana kujambulidwa, ndi wokaniza kuti ana ake ajambulidwe. Ngati mwavomera kuyankha, nenani zoona, pakuti bodza laulemu ndi bodza ndithu. Ndipo pemphani kuti zimene adzalembe adzatumizeko kuno, ngakhale ku sukulu kapena ku tchalitchi.

Koma nkhaŵa yanga yaikulu ili pa inu achinyamata. Mwana wa ku America amalipira ndalama zambiri kuti adzakhale pamphasa ndi agogo anu kwa ola limodzi. Inu mumagona nawo nyumba imodzi, chinenero chawo mumachimva popanda womasulira, koma maso ali pa foni. Kodi ndani mwa inu angafotokoze njira imene makolo athu Achilomwe anadzera pochokera ku Mozambique kudzafuna malo m'maesiteti ano? Ndani akudziŵa chimene chinautsa zipolowe za kuno ku Thyolo mu 1953, kapena m'mene anthu anamvera thangata atathetsedwa mu 1962? Amene anaziona ndi maso atsala oŵerengeka, ndipo chisanu chilichonse chimatitengerako ena.

Ntchito imeneyi si yachilendo mu mpingo wathu. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anayenda kwa akuluakulu nasonkhanitsa mbiri ya Acheŵa. Lewis Bandawe, mwana wa Mishoni ya Blantyre, anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, ndipo mu 1943 anayambitsa bungwe limene linalimbikira kuti Alomwe azitchedwa ndi dzina lawo, osati dzina lonyoza lija limene ena anaŵapatsa, limene sindifuna kulilemba pano. Ngakhale Luka, polemba Uthenga Wabwino, anayamba wafunsa kwa mboni zoona ndi maso.

Ine nditabwerera kwa azakhali sindinapite ndekha. Ndinatenga mdzukulu wawo wa Sitandade 7, ndi kope la masamba 40. Tsiku loyamba iwo anangoseka, natiuza kuti tikatunge madzi. Tsiku lachitatu, akusenda nandolo, anayamba okha kutchula dzina la phiri limene amayi awo anachokera, kenaka za kapitawo amene ankayeza masamba ndi sikelo yokhota, kenaka za usiku umene anagona m'munda wa chinangwa denga litagwetsedwa. Mtsikanayo analemba mpaka dzanja kuŵaŵa, nafunsa mafunso amene ine sindikanalimba mtima kufunsa.

Azakhali anatisiya chaka chotsatira, mwezi wa Ogasiti. Kope lija linadzaza masamba 31. Pa maliro, mwambo wa mapemphero utatha, mdzukuluyo anaŵerengako masamba aŵiri, ndipo ana awo enieni a malemuwo anafunsana kuti, "Kodi zimenezi amayi anakuuzaniponi inu?"