ZA KUUKITSA MAGOME NDI MIPANDO YAKALE

Poyendera midzi yathu ife taona chinthu chotimvetsa chisoni. Gome la mlombwa limene agogo anasiya latayidwa kuseri kwa nkhokwe, chiswe chiri kulidya miyendo, ndipo mwini wache wakagula mpando wa pulasitiki umene sudzaona dzinja lachiwiri. Tsono mlombwa ndi mbawa sizikula msanga, ndipo mkungudza wa pa phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Thabwa lotere likapsa pa moto, ana athu sadzalipezanso.

Iripo njira ya kubisa zipsera za gome lakale, imene Afalansa aitcha découpage, ndiko kunena kudula. Inabuka ku Venice m'zaka za m'ma 1700. Olemera akumeneko anakonda makabati onyezimira a ku China ndi Japan, koma mtengo wache unali woopsa. Pamenepo amisiri anayamba kudula zithunzi zosindikiza, nazimata pa matabwa, napaka vanishi pamwamba kambirimbiri. Ntchitoyo anaitcha lacca povera, vanishi wa amphawi, ndipo dzina limenelo ife sitichita nalo manyazi. Agogo nawonso asanene kuti takalamba: Mary Delany wa ku England anayamba kuumba maluwa a mapepala mu 1772, ali ndi zaka 72, natsiriza 985, amene asungidwa ku British Museum mu London.

Yambani ndi kulimbitsa miyendo, pakuti gome logwedera silichira ndi zithunzi. Mukatero palani ndi sandipepa motsata mitsempha ya thabwa. Chenjerani apa: penti wina wakale ali ndi mtovu, ndipo fumbi lache liwononga ubongo wa mwana. Palirani kunja, mutanyowetsa thabwa, makanda ali kutali.

Zithunzi dulani m'makalendala akale, kapena m'chidutswa cha chitenje chopyapyala. Matani ndi guluu woyera wa akalipentala, ndi kusisita ndi chala kuchokera pakati kufikira m'mphepete kuti mpweya utuluke. Phala la chinangwa limata ndithu, koma liitana mphemvu. Zikauma, pakaninso guluu yemweyo pamwamba kawiri, kuti pepala lisamwe utomoni ndi kuchita mawanga.

Pano tipempha chinthu chimodzi kwa Akristu. Chithunzi cha Mtima Woyera kapena cha Amai Maria musachimate pa mpando pokhala munthu, kapena pa gome poika mbale ya nsima. Malo ache ndi pa khoma, kapena m'kati mwa chivundikiro cha bokosi losungamo korona ndi kalata ya Ubatizo. Pa gome pakwanira maluwa, mbalame ndi nsomba.

Utomoni wa m'sitolo wochedwa epoxy suuma ndi mphepo monga vanishi. Udza m'mabotolo awiri, ndipo ukasakanizidwa utentha wokha nusanduka wolimba ngati galasi. Muyeso wache walembedwa pa botolo, wina gawo limodzi kwa limodzi, wina awiri kwa limodzi. Musayerekeze ndi maso monga pothira mchere m'ndiwo. Ife tinatero tsiku lina pa benchi la kachisi wathu wa kumudzi: linakhala lonanda sabata yathunthu, ntchentche zinamatirira pamenepo, ndipo tinapala zonse ndi kuyambanso, ana a katekisimu ali kutiseka.

Sakanizani pang'ono pang'ono m'chitini chosadyeramo, mutavala magolovesi, mazenera ali otsegula, pakuti utomoni wosauma utupitsa khungu. Maenje a chiswe tsekani ndi utomoni wosakaniza ndi utuchi, koma mutsimikize poyamba kuti tizirombo tatha m'katimo. Gome liime molingana, apo ai utomoni uthawira mbali imodzi. Mukathira, fundikani ndi katoni kuti fumbi lisagwerepo, nkhuku zitsekeredwe kunja, ndipo musalikhudze kufikira mawa.

Likauma lipirira madzi, koma dzuwa lamphamvu liliyezukitsa pang'ono pang'ono, ndipo mphika wochoka pa mafuwa ulisiyira chipsera. Amai aziyamba aikapo kathabwa.