Woopsa si amene timamulipira ndalama zambiri

Anzanga a ku akaunti amadabwa akaona kampani yotigulitsa magalimoto ili pagulu lobiriwira, pomwe kakampani ka anthu atatu kotikonzera makompyuta kali pofiira. Amati pulogalamu yasokonezeka, koma ayi ndithu.

Ine ntchito yanga ndi yoonetsetsa kuti kampani ikutsata malamulo. Mbali ina ya ntchitoyi ndi kuika m'magulu onse otigulitsa katundu ndi otigwirira ntchito, malinga ndi mavuto amene angatibweretsere. Pulogalamu imene timagwiritsa ntchito pochita izi siiwerengera kukula kwa invoisi. Imafunsa kuti: ameneyu amaona mayina ndi maakaunti a makasitomala athu? Ali ndi pasiwedi yolowera m'makina athu? Atatseka mawa, wina tingamupeze msanga? Yankho lililonse lili ndi mapointi ake, ndipo akaphatikizidwa dzina limagwera pofiira, pachikasu kapena pobiriwira. Zili ngati pakhomo: wobweretsa simenti amathera pageti, koma mlonda wa malipiro ochepa ndiye amagona ndi makiyi.

Chitsanzo chimene aliyense pantchito yathuyi amachidziwa ndi cha Target, masitolo akuluakulu a ku America. Mu 2013 akuba anatenga zinsinsi za makhadi a kubanki okwana 40 miliyoni. Polowera pake? Anaba pasiwedi ya Fazio Mechanical Services, kampani ya ku Pennsylvania yoona za mafiriji ndi makina oziziritsira mpweya. Ndani akanaganiza zoopa wokonza firiji?

Wapofiira timamuvutitsa dala. Timafuna malipoti a oditi, timapita kukaona kumene amasungira zinthu, ndipo chaka chilichonse timabwereza. Wapobiriwira amangodzaza kafomu basi. Kusankhaku n'kofunika chifukwa palibe ofesi imene ingafufuze mozama makampani mazanamazana. Komanso kuno kwathu, lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 likutanthauza kuti zinsinsi za kasitomala zikaululika, mawu akuti "analakwa ndi kontirakitala" sachotsa mlandu.

Chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mayankho akalekale. Pulogalamu imangowerengera zimene munthu waiuza. Kampani imene inayamba ndi kutibweretsera mapepala, lero yapatsidwanso ntchito yotaya mafayilo akale a makasitomala, koma pasikirini ikadali yobiriwira chifukwa wosaina kontirakiti yatsopanoyo sanatiuze. N'chifukwa chake ndimakakamira kuti kontirakiti iliyonse ikasintha, izidutsa kaye patebulo langa ndalama isanatuluke.