Kodi mumadziwa? Mpira wa kiriketi wothamanga kuposa yonse

Pa mipira yonse ya kiriketi imene inayezedwapo liwiro, wothamanga kwambiri unachoka m'dzanja la Shoaib Akhtar wa ku Pakistan. Panali pa 22 February 2003 pabwalo la Newlands ku Cape Town, Pakistan ikusewera ndi England mu World Cup. Makina anaonetsa makilomita 161.3 pa ola. Kuchoka kwa woponya kufika kwa womenya ndi mamita pafupifupi 20 basi, choncho womenyayo, Nick Knight wa England, analibe ngakhale theka la sekondi loti aganize. Chodabwitsa n'chakuti anautchinga bwinobwino, ndipo England inapambana tsikulo.

Akhtar anabadwira ku Rawalpindi mu 1975, n'chifukwa chake ankamutcha "Rawalpindi Express". Ankayambira kutali kuthamanga, tsitsi likuuluka, ndipo akatulutsa womenya ankatambasula manja ngati ndege. Mu 1999 ku Kolkata anatulutsa womenya wa India, Rahul Dravid, mpira wotsatira n'kutulutsanso mnzake Sachin Tendulkar, chinamtindi cha Amwenye chili kakasi.

Koma liwiro limadya thupi. Mawondo ankamuvuta kwambiri, moti anangosewera masewero 46 a mtundu wa Test, momwe anatulutsa anthu 178. Anapuma mu 2011.