KODI MCERE WAPITA KUTI?

Tsiku ndi tsiku timaona amai akuthira mcere m'ndiwo. Mcerewo umalowa mumphika uli woyera ndi wouma, koma akangotakasa pang'ono suonekanso. Mwana wamng'ono angathe kunena kuti mcere watha. Koma akalawa msuzi, lilime lace limuuza kuti mcere ulimo ndithu. Tsono maso anena cina, lilime linenanso cina. Nanga zoona nziti? M'phunziro lino tidzafunsa mboni yacitatu imene sinyengedwa, ndiyo sikelo.

Kuyesa pa sikelo

Aphunzitsi atenge kapu ya galasi ndi kuthiramo madzi olemera magalamu 100. Pambali ayese mcere wa magalamu 20. Tsono athire mcerewo m'madzimo ndi kutakasa kufikira wonse utaleka kuoneka. Akaikanso kapuyo pa sikelo, nacotsera kulemera kwa kapu yokha, mudzaona kuti madzi aja tsopano alemera magalamu 120. Onkhetsani nokha: 100 ndi 20 zipanga 120. Palibe ngakhale galamu imodzi imene yatayika.

Cimene cacitika ndi ici: madzi agawa mcere kukhala tizidutswa tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo tizidutswato tafalikira m'kapu monse. Kumeneku ndiko kusungunuka. Mukalawa madzi a pamwamba ndi a pansi, mudzapeza kuti onse ali ndi mcere wofanana.

Kale ku France kunali munthu wanzeru, dzina lace Antoine Lavoisier, amene anali kukhulupirira sikelo koposa maso ace. Iye anali kuyesa zinthu zisanasandulike, naziyesanso zitasandulika. M'buku lace la caka ca 1789 anaonetsa kuti cinthu cingathe kusintha maonekedwe ace, koma kulemera kwa zonse pamodzi sikuculuka ndipo sikucepa. Lamulo limeneli ndi limodzi la maziko a kemisitiri, ndilo phunziro la zinthu, mapangidwe ace ndi kusandulika kwace. Munthu sangapite patali m'phunziro limeneli ngati sadziwa masamu, pakuti cinthu ciri conse ciyenera kuyesedwa ndi kuwerengedwa.

Kubweza mcere

Ngati mcere ulimo m'madzi, tiyenera kukhoza kuutulutsanso. Thirani madzi aja m'cibekete coyera ndi kuciika pa moto. Madzi adzawira, nthunzi idzakwera, ndipo pang'ono ndi pang'ono madzi adzaphwa. Pansi pa cibekete padzatsala zoyera. Mukazipala bwino ndi kuziika pa sikelo, mudzapeza pafupifupi magalamu 20 aja.

Pamene madzi ali kuwira, aphunzitsi agwire mbale yozizira pamwamba pa nthunzi. Pa mbalepo padzacita madontho. Lawani dontho limodzi: mulibe mcere. Madzi okha ndiwo amakwera, mcere umatsala. Dzuwa licita cimodzimodzi pa nyanja zazikuru za mcere. Limakweza madzi kukhala mitambo, koma mcere limausiya, ncifukwa cace mvula siwawa mcere.

Nanga mcere ukatayikira mumcenga tidzatani? Kuutola ndi zala sitingathe. Koma tidziwa kuti mcere umasungunuka, pamene mcenga susungunuka. Tsono tithire zonse m'madzi ndi kutakasa. Kenaka tisefe pa nsaru yoyera. Mcenga udzatsala pa nsaru, madzi a mcere adzapyola. Potsiriza tiwiritse madziwo kufikira ataphwa. Nchito zace nzitatu: kusungunula, kusefa ndi kuphwetsa.

Nzeru imeneyi siyacilendo m'dziko lathu. Zambia alibe nyanja ya mcere, koma makolo anadziwa malo amene nthaka yace iri ndi mcere, monga ku Kaputa pafupi ndi nyanja ya Mweru Wantipa, ku Kaimbwe m'dera la Kasempa, ndi ku dambo la Chibwa kufupi ndi Mpika. Anali kupala dothi la mcere, kapena kutentha udzu womera pa malo otere ndi kutenga phulusa lace. Anali kuthirapo madzi, kusefa, ndi kuphika madziwo m'miphika kufikira mcere utauma. Mcere unali cuma, ndipo anthu anali kuyenda masiku ambiri kukausinthanitsa ndi zinthu zina. Ngakhale lero, agogo akafuna kuphika therere, amaika phulusa la zitsononkho m'ciwiya cobooledwa pansi, nathirapo madzi, ndipo cidulo cimadontha. Cidulo si mcere wa m'ndiwo ai, koma njira yace ndi yomweyo ya kusungunula ndi kusefa.

Madzi ali ndi malire

Kodi madzi angalandire mcere wonse umene tingawapatse? Iai. Thirani mcere pang'ono pang'ono m'madzi a magalamu 100, mukutakasa. Mukafika pa magalamu 36, madziwo akhuta. Mcere wina uli wonse umene mudzaonjeza udzangokhala pansi, ngakhale mutakase tsiku lonse. Shuga ndiye amalandiridwa wambiri: madzi omwewo angathe kusungunula magalamu pafupifupi 200 a shuga.

Lita imodzi ya madzi ilemera magalamu 1,000, ndiko kunena magalamu 100 kakhumi. Cotero lita imodzi ikhuta ndi mcere wa magalamu 360, pakuti 36 kuculukitsa ndi 10 ndi 360. Koma madzi a m'nyanja yaikuru ali ndi mcere wa magalamu pafupifupi 35 okha m'lita imodzi. Gawani 360 ndi 35, mudzapeza 10 ndi kotsala pang'ono. Ici citiuza kuti madzi a m'nyanja ayenera kuphwa magawo 9 mwa magawo 10 mcere usanayambe kuoneka pansi.

Tiwerengenso kwina. Munthu afuna kilogalamu imodzi ya mcere, ndiyo magalamu 1,000. Adzatunga madzi a m'nyanja ocuruka bwanji? Malita 28 apatsa magalamu 980, osakwana. Malita 29 apatsa magalamu 1,015. Tsono afunika malita 29, ndiko kuposa cigubu cacikuru ca malita 20. Taganizani nkhuni zimene zingathe pophwetsa madzi onsewo! Ncifukwa cace anthu a m'mbali mwa nyanja, monga ku Mozambique, amalowetsa madzi m'maiwe osaya, nasiyira dzuwa nchito yophwetsa.

Mcere wapangidwa ndi ciani?

Ikani mcere pa nsaru yakuda ndi kuuyang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Mudzaona kuti timibulu tambiri tiri ngati tibokosi ta mbali 6 zofanana. Maonekedwe amenewa acokera m'mene tizidutswa tace tafolera m'kati mwace, m'mizere yoongoka.

Mcere si cinthu cimodzi cokha ai; muli zinthu ziwiri zogwirana. Cina ndi sodiyamu, citsulo cofewa cimene cimadulika ndi mpeni, ndipo cikagwera m'madzi cimathamangathamanga pamwamba ndi ukali, nthawi zina mpaka kuyaka moto. Cinzace ndi klorini, mpweya wobiriwira pang'ono umene ungaphe munthu akaupuma wambiri. Mngelezi wina, Humphry Davy, ndiye anayamba kupatula sodiyamu m'caka ca 1807, ndipo m'caka ca 1810 anaonetsa kuti klorini sangagawikenso kukhala zinthu zina. Zinthu zosagawika zotere dzina lace ndi maelementi. Ncodabwitsa kuti ziwiri zoopsa zimenezi zikagwirana zipanga cakudya cimene thupi lathu silingakhale popanda ico.

Ndipo sizigwirana mwacisawawa. Mcere ukhale wa ku Kaputa kapena wa ku nyanja, ukayeretsedwa bwino, pafupifupi magawo 2 mwa magawo 5 a kulemera kwace ndi sodiyamu, ndipo magawo 3 ndi klorini. M'magalamu 50 a mcere, gawo limodzi ndi magalamu 10; tsono sodiyamu ndi magalamu 20, klorini ndi magalamu 30.

Muyeso umene upulumutsa moyo

Wina angafunse kuti, "Kodi kudziwa zimenezi kuli ndi phindu lanji pamudzi?" Tamverani. Mwana akatsekula m'mimba, thupi lace limataya madzi ndi mcere pamodzi. Maso amalowa m'kati, pakamwa pamauma, ndipo ngati sathandizidwa msanga angathe kufa m'masiku owerengeka. Madzi okha sakwanira kubweza zimene zatayika. Koma madzi okhala ndi mcere ndi shuga pa muyeso woyenera amalowa msanga m'thupi, pakuti shuga amathandiza matumbo kukoka mcere, ndipo madzi amatsatira mcerewo. M'caka ca 1971 dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anapulumutsa anthu ambiri odwala kolera m'misasa ya othawa nkhondo ndi cakumwa cotere.

Ku cipatala amapereka timapaketi ta mankhwalawa, ndipo ito ndito tabwino koposa. Tisungunule m'madzi a muyeso umene walembedwa pa paketipo. Ngati paketi palibe, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, muthiremo masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mcere. Masupuniwo akhale osefukira ai, koma osalazidwa pamwamba. Lawani, cakumwaco cisawawe mcere koposa misozi.

Apa ndipo masamu afunika. Ngati botolo lanu ndi la theka la lita, zonse zigawidwe pakati: shuga masupuni 3, mcere gawo limodzi mwa magawo 4 a supuni. Mukathira muyeso wa lita yathunthu m'botolo la theka, cakumwaco cidzakhala ndi mphamvu kawiri, ngakhale maso adzaciona ngati madzi wamba. Mcere wocuruka umaononga mwana wodwala, ndipo shuga wocuruka amakulitsa kutsekulako. Mwanayo amwe pang'ono pang'ono kawirikawiri, apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo apite naye ku cipatala osacedwa. Cotsala citayidwe likapita tsiku limodzi, mupange cina catsopano.

Tsono, ana inu, kumbukirani kapu ija ya pa sikelo. Cimene mwathira m'madzi cikhalamo conse, cingakhale sicioneka. Cifukwa cace yesani musanathire, pakuti mutathira maso sangakuuzeninso kanthu.

Mafunso

1. Madzi a magalamu 250 asungunula shuga wa magalamu 40. Zonse pamodzi zilemera bwanji?
2. Cifukwa ninji mvula siwawa mcere?
3. Fotokozani nchito zitatu zolekanitsira mcere ndi mcenga.
4. Theka la lita ya madzi likhuta ndi mcere wa magalamu angati?
5. M'magalamu 100 a mcere muli magalamu angati a sodiyamu?
6. Amai afuna kupanga malita 2 a cakumwa ca mwana wotsekula m'mimba. Athire shuga ndi mcere wocuruka bwanji?

Zocita

Sungunulani mcere m'madzi pang'ono kufikira atakhuta. Thirani madziwo m'mbale yosaya ndi kuiika pa dzuwa pamalo posafika nkhuku. Muziyang'ana tsiku ndi tsiku, ndipo mulembe m'buku lanu tsiku limene timibulu tayamba kuoneka ndi maonekedwe ace.