Mankhwala a M'maso Osungunuka Pang'onopang'ono

Aliyense amene anadwalapo maso akudziwa vuto la mankhwala odontheza. Dontho likangogwa m'diso, misozi imalikokolola ndipo lina limatsikira m'mphuno. N'chifukwa chake ena amamva kuwawa kukhosi. Pa magawo 100 a mankhwalawo, osakwana 5 ndiwo amalowa m'kati mwa diso, ndipo ofika kumbuyo kwenikweni, pa kachikopa kamene timaonera, ndi ochepetsetsa. Onjezanipo kuiwala: mwini diso walawirira kumunda, botolo latsala m'nyumba.

Motero akatswiri anaganiza zosunga mankhwala m'diso momwemo. M'chaka cha 1974 ku America kunatuluka Ocusert, kanthu kopyapyala koika kuseri kwa chikope, kamene kankatulutsa mankhwala kwa mlungu wathunthu. Koma sikankasungunuka, ndipo nthawi zina kankagwa mwini wake ali m'tulo.

Nzeru yoposa inachokera ku ulusi wa kuchipatala. Amayi amene anasokedwa pobereka akukumbukira kuti ulusi wina sachotsa, umatha wokha. Zinthu za mtundu womwewo, zotchedwa PLGA, ndizo anapangira Ozurdex, imene inaloledwa ku America mu 2009. Ndi kamtengo kotalika mamilimita 6, kowonda kuposa njere ya mpunga. Dokotala wa maso amayamba wachititsa diso dzanzi, kenaka amakalowetsa m'kati ndi singano. Madzi a m'diso amakafewetsa, ndipo kamanyenyeka monga njerwa yosaotcha pa mvula yowaza, uku kakutulutsa mankhwala a dexamethasone mpaka miyezi 6. Zotsalira zake thupi limazisandutsa madzi ndi mpweya umene timautulutsa popuma. Mu 2014 kanaloledwanso kwa odwala shuga amene kumbuyo kwa diso lawo kwatupa, ndipo mu 2020 kunabwera Durysta, ya matenda a glaucoma.

Tisanyengedwe, komabe, kuti njirayi ilibe zovuta. Dexamethasone angathe kukweza mphamvu ya madzi a m'diso kapena kufulumiza ng'ala, ndipo kamtengo kakalowa sikatuluka mosavuta ngati kusiya botolo. Mtengo wakenso ndi wokwera kwambiri, ndipo si mankhwala a maso ofiira kapena amanthongo. Wolandira chithandizochi ayenera kupimitsa diso pa masiku onse amene dokotala wanena. Diso likayamba kupweteka, kufiira kapena kuchita khungu atabayidwa, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, osadontheza mankhwala a zitsamba.