Tiimbire njala chimanga chikadali m'nkhokwe

Sabata yatha mdzukulu wanga yemwe akuphunzira ku Bunda adabwera kudzationa kuno ku Mitundu, ndipo adandionetsa kanema pafoni yake. Mudali mzungu wa ndevu zapamlomo, atavala vesiti yoyera, akuimbitsa chinamtindi cha anthu ngati mphunzitsi wa kwaya. "Agogo, awa ndi a Freddie Mercury a gulu la Queen," adatero mwanayo. "Ankaimba pofuna kuthandiza anthu anjala a ku Ethiopia."

Phwando la nyimbo limenelo linkatchedwa Live Aid ndipo lidachitika pa 13 July 1985. Ife kuno sitidaonere chifukwa nthawi imeneyo dziko lino lidalibe nyumba youlutsira mawu ndi zithunzi pakanema. Koma mbiri yake ndi yofunika tiidziwe.

Mu October 1984, mtolankhani wa BBC Michael Buerk ndi wojambula wa ku Kenya Mohamed Amin adaonetsa dziko lapansi anthu akufa ndi njala ku Korem, kumpoto kwa Ethiopia. Woimba wa ku Ireland Bob Geldof ataona zithunzizo adalephera kugona. Iye ndi mnzake Midge Ure adamema oimba anzawo, ndipo mapeto ake adakonza phwando m'malo awiri tsiku limodzi: pabwalo la Wembley ku London, pomwe padasonkhana anthu pafupifupi 72,000, ndi pabwalo la John F. Kennedy ku Philadelphia, m'dziko la America. Nyimbo zidalira kwa maola pafupifupi 16. Kudaimba magulu monga Queen ndi U2, komanso David Bowie, pomwe Phil Collins adaimba ku London n'kukwera ndege ya Concorde kukaimbanso ku Philadelphia tsiku lomwelo. Anthu a m'maiko oposa 100 adaonera pakanema ndi kutumiza zopereka, ndipo ndalama zankhaninkhani zidagulira chakudya, mankhwala ndi galimoto zonyamulira thandizolo.

Oimbawo ndimawavulira chipewa. Koma nditabweza foni ija, mtima wanga udabwerera ku chaka cha 2002.

Amene adali kuno akukumbukira. Mu January ndi February chaka chimenecho, gaga yemwe tinkapatsa nkhumba adasanduka chakudya cha anthu. Mbuzi zinkagulitsidwa pamtengo wa nkhuku. Ena ankadya chimanga chosakhwima, ena ankakumba zitsa za nthochi. Mlongo wanga adakwatiwa cha ku Nathenje, ndipo tsiku lina ndidapalasa njinga kukamusiyira kathumba ka gaga. Ndidapeza mwana wake wotsiriza atatupa miyendo, akungoyang'ana osalira. Boma lidalengeza kuti dziko lili pangozi kumapeto kwa February, ndipo chimanga cha thandizo chidabweradi patapita miyezi. Mwana uja tidali titaika kale m'manda.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ku Ethiopia oimba adadzuka ataona mitembo pakanema. Kuno nako thandizo lidanyamuka maliro atayamba. Chifundo cha anthu akutali n'chenicheni, koma chimadikira chithunzi, ndipo njala ikafika pojambulika ndiye kuti ana ena apita kale. Munthu wa ku London sangadziwe mu May kuti nyumba yakutiyakuti ku Nathenje yakolola ngolo imodzi yokha. Amene amadziwa ndi ife anansi, a mfumu, ndi amayi a kumpingo.

Tikudziwanso momwe njala yathu imayendera. Tikakolola, mavenda amafika ndi masikelo awo pamisika ya Mitundu ndi Nathenje. Mlimi amagulitsa chimanga motchipa kuti alipire sukulu fizi, abweze ngongole ya feteleza, agule sopo. Ikamafika January, mlimi yemweyo amakagula chimanga chomwecho pamtengo wokwera kwambiri, atasiya munda wake uli ndi udzu n'kukagwira ganyu m'munda mwa wina. Motero njala ya chaka chino imabereka ya chaka chamawa. Ngakhale posachedwapa, mu March 2024, boma lidalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28 a dziko lino.

Tsono pempho langa ndi ili. Titengere nzeru ya a Geldof, koma tisinthe nyengo yake. Kuno oimba sitisowa. Mpingo uliwonse uli ndi kwaya ziwiri kapena zitatu. Kuli amayi ovina chimtali, kuli anyamata a magitala, kuli achinyamata omwe akujambula nyimbo m'timasitudiyo ta pamsika. Bwanji tisakonze tsiku limodzi mu June, chimanga chili mbwee, oimba onsewa akumane pabwalo la sukulu ku Mitundu, ndipo sabata inayo ku Nathenje? Pakhomo pasakhale tikiti ya ndalama yokha. Amene ali ndi mbale ya chimanga alowe ndi mbaleyo, wa ndowa abwere ndi ndowa, wa mtedza kapena nyemba asabwezedwe. Ndalama zomwe zingapezeke zigulire matumba ndi mankhwala a anankafumbwe.

Ndikudziwa funso lomwe awerengi ali nalo: asunge ndani? N'zoona, takhala tikuona makomiti akudya za amasiye. N'chifukwa chake matumba awerengedwe poyera tsiku lomwelo, chiwerengero chilengezedwe pachinkuzamawu anthu asadabalalike. Chitseko chikhale ndi maloko atatu, kiyi wina kwa a mfumu, wina kwa a mpingo, wina kwa mayi wosankhidwa ndi amayi anzake. Nkhokweyo isatsegulidwe mpaka January, ndipo oyamba kulandira akhale okalamba, odwala ndi nyumba zolera ana amasiye. Amene ali ndi mphamvu abwereke, adzabweze akakolola.

Matumba 50 sangadyetse boma lonse la Lilongwe, koma akadakhalapo pamudzi wa mlongo wanga mu 2002, phala la mwana mmodzi silikadasowa. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Mdzukulu wanga walonjeza kuti akalankhula ndi anzake oimba kusukulu kwawo. Ine mawu adatha, sindingaimbe, koma ndowa yoyamba idzachokera m'nkhokwe yanga.

Wowerenga wanu,
Mitundu, Lilongwe